Mabuleki a m'selo ndi funso loti "kodi zimenezo tidya?"

Kwathu kuno mawu oti DNA akamveka, ndiye kuti kwinakwake banja latekeseka. Bambo akukana mwana, ankhoswe atopa nayo nkhani, wina wangoti tiyeni tikayeze basi. Ndiye pamene ndinauza mnzanga amene tinkaphunzitsa naye sukulu imodzi kuti ndachezera masiku angapo kuwerenga za enzyme (puloteni yogwira ntchito inayake m'thupi) yotchedwa PARP1, imene imateteza DNA pa nthawi imene selo, kanjerwa kosaoneka ndi maso komangira thupi, likuikopera, anandiyang'ana kaye, kenako n'kufunsa funso limene tonse tinalimvapo: "Aphunzitsi, kodi zimenezo tidya?"

Funsolo si lachibwana. M'dziko limene wodwala amauzidwa kuti akagule yekha mankhwala a malungo, munthu ali ndi ufulu wofunsa kuti kuyang'anitsitsa kanthu kosaoneka ndi maso kwa zaka 20 kuli ndi phindu lanji. Koma ine ndikuti kafukufuku wamtunduwu ndi amene amabala mankhwala enieni, ndipo chizolowezi chathu chofuna kuti kafukufuku aliyense aonetse phindu chaka chomwecho n'chimene chimatisiya tili ogula okhaokha, ogula ake obwera pamsika dzuwa litalowa, m'thumba mulibe kanthu. Nkhani ya PARP1 ndi umboni wanga.

Selo likafuna kugawikana kuti akhale awiri, limayamba lakopera DNA yake yonse. Zimenezo ndi zilembo pafupifupi 6 biliyoni, ulusi umene mutautambasula ungafike mamita awiri, ndipo ntchito yonseyo imatha m'maola pafupifupi 8. Si ntchito ya apo ndi apo ayi. M'mafupa mwanu mokha mukutuluka maselo ofiira a magazi oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse, ndipo onsewo achokera ku maselo amene anagawikana. DNA ili ngati zipi, mbali ziwiri zolumana mano. Pokopera, makina a m'selo amatsegula zipiyo n'kumapangira mbali iliyonse inzake yatsopano. Pamalo pamene zipi ikutseguka pamaoneka ngati mphanda ya legeni, ndiye ine ndizitchula malowo kuti mphanda. Mphanda zimenezi zimakhalapo masauzande nthawi imodzi, iliyonse ikuyenda zilembo 1,000 kapena 2,000 pa mphindi.

Vuto n'loti njira yake si yosalala. Tomas Lindahl wa ku Sweden, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2015 pamodzi ndi Paul Modrich ndi Aziz Sancar, anaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti DNA imawonongeka yokha popanda woiputa: selo lililonse limathothoka zilembo pafupifupi 10,000 pa tsiku chifukwa cha madzi ndi kutentha kwa thupi lomweli. Onjezanipo dzuwa, utsi wa fodya, ndi poizoni wa chuku wa mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino, amene akafika m'chiwindi amakamatirira pa DNA. Nthawi zina njira ili bwino koma zipangizo zomangira DNA yatsopano zatha. Zonsezi zimachedwetsa mphanda kapena kuiimitsa. M'Chingerezi vutoli amalitcha replication stress, kutanthauza kupanikizika kwa ntchito yokopera. Mphanda yoima ndi yoopsa chifukwa pamenepo DNA ili yotseguka, ulusi uli wokhawokha, ndipo ukaduka kromozomu yonse, mpukutu wa DNA umene mphandayo ikuyendapo, yathyoka. Zidutswa za kromozomu zikalumikizidwa molakwika, ndi pamene khansa zambiri zimayambira ndi kukulira.

Aliyense anaionapo zipi ya thalauza kapena ya chikwama itadya nsalu. Wopupuluma amakoka mwamphamvu, mano n'kuthothoka, mawa lake ali pakhonde pa telala. Wodziwa amaibweza pang'ono, kutulutsa kansalu kaja, kenako n'kutseka bwinobwino. Selo nalo limachita chimodzimodzi. Mphanda ikakumana ndi chopinga imabwerera m'mbuyo, ulusi wakale uja n'kulumananso, ndipo tiulusi tiwiri tatsopano timakumana tokhatokha n'kupanga mwendo wachinayi. Asayansi, poona maonekedwe ake, anachitcha phazi la nkhuku. Akanakhala a kuno akanati chipalapasiro. Maganizo oti mphanda ingathe kubwerera chonchi anaperekedwa mu 1976, koma kwa zaka zambiri anthu ankaona ngati ndi ngozi yochitika m'selo lodwala, osati nzeru ya selo lamoyo bwino.

PARP1 payokha inapezeka mwangozi. Mu 1963, ku Strasbourg m'dziko la France, Pierre Chambon ndi anzake awiri ankafufuza za RNA, msuweni wake wa DNA, pogwiritsa ntchito maselo a chiwindi cha nkhuku. Anapeza enzyme imene inkaluka unyolo wachilendo, ndipo poyamba unyolowo anausokoneza ndi chinthu china. Palibe ankadziwa ntchito yake. Panapita zaka 17 kuti gulu la Sydney Shall ku Sussex, m'dziko la England, lionetse mu 1980 kuti unyolowo ukukhudzana ndi kukonza DNA. Lero tikudziwa kuti PARP1 imakhala ikulondera, ndipo ulusi ukangoduka penapake imafikapo m'masekondi ochepa. Ikakhalapo imayamba kuluka unyolo uja n'kudzimangirira nawo yokha komanso mapuloteni oyandikana nayo. Zili ngati nthambi zimene woyendetsa lole yowonongeka amayala pamsewu: obwera m'mbuyo achepetse liwiro, amakaniko adziwe pofikira. Unyolo ukatalika, PARP1 imachoka pa DNA kuti okonza agwire ntchito. Kusiyana kwake n'koti m'selo muli enzyme ina, PARG, imene imatola nthambizo ntchito ikatha, pamene a malole athu amangozisiya pamsewu mpaka ziume.

Unyolowo umalukidwa ndi chinthu chotchedwa NAD, chimene thupi limapanga kuchokera ku vitamini B3. Vitamini ameneyu tili naye mbiri yowawa. M'chimanga alimo koma womangika moti thupi limavutika kumutenga, ndipo mu 1990 anthu pafupifupi 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali m'misasa ya kuno ku Malawi anadwala pelagra, matenda osenda khungu pamene pawombedwa dzuwa, mtedza utasiya kufika m'chakudya chimene ankalandira. NAD ili ndi ntchito zambirimbiri m'thupi, PARP1 ndi imodzi chabe mwa zimene zimaidya. Ndangoitchula kuti tione kuti zinthu za m'labotale ya ku Strasbourg ndi za m'mbale yathu ya nsima si zotalikirana monga timaganizira.

Kwa zaka zambiri PARP1 inkadziwika ngati woitana amakaniko basi. Ntchito yake pa mphanda inaoneka bwino mu 2012 ku Zurich, m'labotale ya Massimo Lopes. Iwo anapatsa maselo mlingo wochepa wa camptothecin, mankhwala ochokera ku mtengo wa ku China, amene ndi kholo la mankhwala ena a khansa monga irinotecan ndi topotecan. Mankhwalawa amagwira enzyme imene imamasula kupotana kwa DNA kutsogolo kwa mphanda. Atayang'ana pa maikulosikopu amphamvu kwambiri anaona kuti mphanda zachepetsa liwiro ndipo zambiri zasanduka mapazi a nkhuku. Atatsekereza PARP, mphanda sizinachedwenso, mapazi a nkhuku anachepa, ndipo DNA inayamba kuthyoka. Chaka chotsatira, gulu la Alessandro Vindigni linapeza chifukwa chake. Pali enzyme ina, RECQ1, imene ntchito yake ndi kuwongola mphanda yobwerera kuti ulendo upitirire. RECQ1 siyang'ana ngati njira yakonzeka. PARP1 ndi imene imaigwira dzanja mpaka chopinga chichoke. Kubweza mphanda kwenikweniko amachita ndi ma enzyme ena, monga SMARCAL1 ndi ZRANB3. Gawo la PARP1 ndi kuletsa kunyamuka nthawi isanakwane.

Koma mphanda yobwerera ili ndi vuto lakelake. Mwendo wachinayi uja uli ndi nsonga, ndipo kwa ma enzyme ena nsonga ya DNA ndi chizindikiro choti pathyoka, payenera kusemedwa. Izi anazionetsa Katharina Schlacher m'labotale ya Maria Jasin ku New York mu 2011, ndipo njira imene anagwiritsa ntchito imandisangalatsa chifukwa cha kuphweka kwake. Maselo amadyetsedwa zipangizo zomangira DNA zokhala ndi chizindikiro kwa mphindi zingapo, kuti DNA yonse yopangidwa nthawi imeneyo idzadziwike. Kenako amaphwanya maselo pakagalasi, kukapendeketsa kuti dontho litsetsereke, DNA n'kutambasuka ngati ulusi woyanikidwa. Akapaka utoto wowala, pa maikulosikopu pamaoneka timizere tofiira kapena tobiriwira, ndipo kutalika kwa kamzere ndiwo mtunda umene mphanda imodzi inayenda. Munthu amakhala m'chipinda chamdima n'kumayeza timizereto kamodzikamodzi, mazanamazana. Schlacher anaimitsa mphanda ndi mankhwala otchedwa hydroxyurea, amene amaumitsa zipangizo zomangira DNA. M'maselo abwinobwino timizere tinakhala mmene tinalili. M'maselo opanda puloteni ya BRCA2 tinafupika: enzyme yotchedwa MRE11 inali ikudya DNA yatsopanoyo. BRCA2 ndi imene imavindikira malowo ndi puloteni ya RAD51 kuti asadyedwe.

Dzina la hydroxyurea lisatipitirire. Mankhwala omwewa amene asayansi amavutitsa nawo maselo m'labotale ndi amene amapatsidwa kwa ana odwala sickle cell, matenda opinda maselo ofiira a magazi ngati chikwakwa, pa mlingo wochepa woyezedwa ndi dokotala, ndipo amachititsa thupi kupanga magazi a mtundu umene mwana amakhala nawo ali m'mimba, amene sapindika. Kafukufuku wa REACH, amene anachitika pa ana oposa 600 ku Angola, Democratic Republic of the Congo, Kenya ndi Uganda ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2019, anapeza kuti ululu, kuikidwa magazi, malungo ndi imfa zonse zinachepa. Dokotala amene amauza kholo kuti mwana azibwera kudzayezedwa magazi pafupipafupi akuyang'anira chinthu chomwechi: kuti mphanda za m'mafupa mwa mwanayo zachedwetsedwa pang'ono, osati kuimitsidwa.

Tsopano tifike pa funso la mnzanga lija. BRCA1 ndi BRCA2 ndi majini, osati majini a kwa asing'anga aja, koma tizigawo ta DNA timene timayenda m'magazi a banja. Mary-Claire King ndi amene anaonetsa mu 1990 kuti pa kromozomu 17 pali jini la khansa ya m'mawere yoyenda m'mabanja. BRCA1 linapezeka mu 1994, BRCA2 mu 1995. Aliyense ali ndi makope awiri a jini lililonse, lina la kwa mayi, lina la kwa bambo. Mayi wobadwa ndi kope limodzi lowonongeka amakhala bwinobwino chifukwa linalo likugwira ntchito, koma selo limodzi la m'bere likataya kope lotsalalo, chotupa chimayamba. Mwa amayi 10 otere, pafupifupi 7 amadwala khansa ya m'mawere akamafika zaka 80, ndipo ambiri imawagwira adakali ndi ana aang'ono.

Mu April 2005, magazini ya Nature inasindikiza malipoti awiri tsiku limodzi, lina la gulu la Thomas Helleday ku Sheffield, lina la Alan Ashworth ku London mogwirizana ndi kampani yaing'ono ya KuDOS imene Steve Jackson anayambitsa ku Cambridge. Onse anapeza chinthu chimodzi: selo lopanda BRCA likatsekerezedwa PARP limafa, pamene selo lokhala ndi kope limodzi labwino limapirira. Taganizirani kabaza. Ya mabuleki onse awiri, mutadula a kumbuyo, mwini wake afikabe kunyumba. Koma ilipo ina imene a kutsogolo anatha kalekale, ikuyendera a kumbuyo okha. Mukadula amenewo ili pamtsetse, nkhani yatha. Chotupa ndi kabaza yachiwiriyo, thupi lonse la wodwalayo ndi yoyambayo. Mankhwala otsekereza PARP, akalowa m'thupi lonse, amakapweteka kwambiri pamene pali chotupa.

Ulendo wake sunali wosalala. Kampani ya mankhwala ya AstraZeneca inagula KuDOS, mankhwala otsekereza PARP otchedwa olaparib anaonetsa zabwino pa odwala oyamba mu 2009, koma kumapeto kwa 2011 kampaniyo inalengeza kuti siipitiriza nawo pa khansa ya m'mabasiketi a mazira, timatumba tiwiri tija timene timapanga mazira a mayi. Chaka chomwecho mankhwala a kampani ina, iniparib, analephera pa kafukufuku wamkulu, anthu n'kuyamba kunena kuti nzeru yonseyi ndi yabodza, kenako n'kudziwika kuti iniparib sankatsekereza PARP n'komwe. Olaparib anapulumuka pamene ofufuza anabwereranso ku zotsatira n'kupatula amayi okhala ndi vuto la BRCA. Anavomerezedwa ku America ndi ku Ulaya mu December 2014. Pa kafukufuku wa SOLO-1, wa amayi a vuto la BRCA amene anangopezeka kumene ndi khansa ya m'mabasiketi yofalikira, patatha zaka 7 amayi 67 pa 100 alionse amene anamwa olaparib anali moyo, poyerekeza ndi pafupifupi 47 mwa amene sanamwe. Kuchokera pa chiwindi cha nkhuku cha 1963 kufika pa botolo la mapiritsi la 2014 ndi zaka 51. Ndani wa ife akanavomera kulipira Chambon mu 1963 atamufunsa phindu lake n'kuyankha kuti sakudziwa?

Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'choti mankhwalawa anafika m'zipatala asayansi asanamvetse bwino mmene amaphera chotupa. Mu 2005 ankati PARP ikatsekerezedwa timabala ting'onoting'ono timachuluka pa DNA, mphanda n'kumagweramo n'kuthyoka, ndipo popanda BRCA palibe wolumikiza. Mu 2012 Junko Murai ndi Yves Pommier ku National Cancer Institute ya ku America anaonetsa kuti mankhwalawa amamata PARP1 pa DNA. Imafikapo, koma poti siingaluke unyolo, siingachokepo, ndiye mlonda uja amasanduka chopinga. Mu 2018 gulu la Keith Caldecott ku Sussex linapeza kuti ntchito yaikulu ya PARP1 m'selo lopanda vuto lililonse ndi kulondola tizidutswa ta DNA yatsopano timene taiwalika osalumikizidwa, tizidutswa timene Reiji ndi Tsuneko Okazaki a ku Nagoya anatulukira m'ma 1960. Chaka chomwecho cha 2018, Apolinar Maya-Mendoza ndi Jiri Bartek ku Copenhagen anayeza timizere tija m'maselo opatsidwa olaparib. Aliyense ankayembekeza kuti timizereto tifupika, poti mphanda zikuima. Tinatalika. Mphanda zinkathamanga kuposa kale, ndipo liwiro likaposa la masiku onse ndi magawo 40 pa 100, DNA inkawonongeka. Akuluakulu akale ankati kuthamanga sikufika, koma sindikhulupirira kuti ankadziwa kuti wina adzakuyeza ndi rula.

Mpaka lero malabotale akukanganabe kuti chimene chimapha selo lopanda BRCA kwenikweni n'chiti, kuthyoka kwa mphanda, kumatika kwa PARP1, kapena mipata yotsala kumbuyo kwa mphanda yothamanga. Ena angaone mkanganowu ngati chizindikiro choti asayansi sakudziwa chimene akuchita. Ine ndimauona ngati chifukwa chimene kafukufuku wa m'labotale sayenera kutsekedwa tsiku limene mankhwala atuluka. Khansa imaphunzira. Mu 2008 zinadziwika kuti zotupa zina zimakonzanso jini lawo la BRCA2 mwa kusintha zilembo zina, mankhwala n'kusiya kugwira. Mu 2016 gulu la André Nussenzweig linaonetsa njira ina: selo likhoza kukhalabe lopanda BRCA koma n'kupeza njira yoletsa MRE11 kufika pa mphanda, n'kupulumuka. Amene akufuna kudziwa chifukwa chake mayi anachira zaka ziwiri kenako chotupa n'kubwerera, yankho lake lili pa phazi la nkhuku lomwe lija.

Mnzanga akhoza kunena kuti chabwino, zonsezo zamveka, koma ndi za eni ndalama. Apa ali ndi mfundo ndipo sindiibisa. Olaparib ku America amagulidwa madola masauzande ambiri pa mwezi. Amafuna kuti wodwala ayambe wayezedwa majini. Amachepetsa magazi, amafooketsa, ndipo mwa odwala ochepa amabweretsa khansa ina ya m'magazi, zimene sizodabwitsa kwa amene wamvetsa kuti maselo a m'mafupa nawonso amadalira mabuleki omwewo. Mayi wa kumudzi amene wafika kuchipatala bere litaphulika kale sakusowa olaparib poyamba, akusowa kuti akanapezeka msanga. Nduna ya zachuma itandifunsa lero kuti ndalama zipite ku mankhwalawa kapena ku zoyezera khomo la chiberekero m'zipatala zing'onozing'ono, sindingachedwe kuyankha.

Komatu khansa ya khomo la chiberekero yomweyo, imene dziko lathu lili m'gulu la mayiko ovutika nayo kwambiri padziko lonse, ndi nkhani ya mphanda. Kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansayi, kalibe makina akeake okopera DNA, ndiye kamakakamiza selo kuti liyambe kukopera lisanakonzeke. Puloteni yake ya E7 imachotsa choletsa chotchedwa Rb, ndipo ya E6 imawononga puloteni ya p53, imene ikanalamula selo losokonekera kuti liime kapena lidziphe. Mu 2011 gulu la Batsheva Kerem ku Jerusalem linaika E6 ndi E7 m'maselo abwinobwino a munthu. Maselo anayamba kukopera opanda zipangizo zokwanira, mphanda zinkakwawa, DNA inkathyoka. Atawathirira zipangizo zomangira DNA, kuthyoka kunachepa ndipo maselo osanduka a khansa anachepanso. Ndiye pamene katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu January 2019 kwa atsikana a zaka 9, makolo ena n'kumakana poopa kuti ana awo sadzabereka, mphunzitsi kapena mlangizi wa zaumoyo amene akudziwa zimenezi anali ndi chonena choposa kungoti boma latero. Akanatha kufotokoza chimene kachilomboka kamachita m'selo, ndi chifukwa chake khansa imadzaoneka patapita zaka 15 kapena 20, zolakwika zitaunjikana.

Ndiponso si zoona kuti vuto la BRCA ndi la azungu. Olufunmilayo Olopade, dokotala wobadwira ku Nigeria amene amagwira ntchito ku University of Chicago, pamodzi ndi anzake a ku Ibadan, anayeza amayi 1,136 a ku Nigeria odwala khansa ya m'mawere. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2018, zinaonetsa kuti 7 pa 100 alionse anali ndi vuto la BRCA1 ndipo 4 pa 100 la BRCA2, kuposa mmene zimakhalira pakati pa odwala ambiri a ku Ulaya ndi ku America. Anthu a mu Africa ndi amene ali ndi DNA yosiyanasiyana kwambiri padziko lonse, koma ndi amene ayezedwa pang'ono, moti ngakhale wa ndalama zake akatumiza magazi kunja, nthawi zambiri amalandira yankho loti papezeka kusintha kwina kumene tanthauzo lake silikudziwika. Woti auze dziko tanthauzo la kusintha kumeneko ndi munthu amene amadziwa mabanja athu komanso amadziwa kuyeza ngati puloteni yosinthikayo ikutetezabe mphanda. Munthu ameneyo sangapezeke ngati mwana wathu aliyense wofuna kuphunzira zimenezi tizimufunsa kuti tidya chiyani.

Sindikupempha kuti boma limange labotale yonga ya ku Zurich. Ndikupempha zazing'ono. Opereka ndalama za maphunziro apamwamba asiye kukana wophunzira chifukwa choti mutu wa kafukufuku wake sukutchula mudzi. Timizere tofiira ndi tobiriwira tija timaonedwa pa maikulosikopu owala, a mtundu woyandikana ndi amene amayezera makhololo a TB, ndipo chofunika kwambiri pa ntchitoyo ndi munthu wodekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Silabasi ya sayansi ya zamoyo isamathere pa kujambula DNA ngati makwerero opotana amene amangokhala phe. Ndipo namwino akamalemba mbiri ya wodwala azifunsa funso limene silifuna ndalama: kodi mayi anu, azakhali anu, achemwali anu, alipo anadwalapo bere kapena m'mimba ali wamng'ono? Kumayiko kumene amayeza, mayi wopezeka ndi vuto la BRCA amayamba kuunikidwa mawere chaka ndi chaka kuyambira zaka 25 kapena 30, ndipo akamaliza kubereka amalangizidwa kuchotsa mabasiketi a mazira. Phindu lalikulu limabwera mapiritsi odula aja asanafunike n'komwe.

Kwathu kuli banja limene mayi wina anamwalira ndi bere ali ndi zaka za m'ma 40. Patapita zaka zochepa mng'ono wake anatsatira, iye m'mimba mutatupa madzi. Kenako mwana wamkazi wa woyamba uja, asanakwanitse zaka 40, berenso. Ndinali nawo pamaliro achitatuwo, ndipo ndinaona mmene anthu ankakhalira motalikirana ndi agogo a m'banjamo, amene anabereka amayi awiri oyambawo ndipo anali adakali ndi mphamvu zolima. Kunong'onezana kunali koti akudya ana awo. Palibe aliyense m'banjamo anayezedwapo majini. Koma jini lowonongeka la BRCA limayendanso mwa amuna, nthawi zambiri mwakachetechete, ndipo mwana aliyense wa munthu amene ali nalo, mwayi woti alitenge ndi theka. Ngati linali limeneli, n'kutheka kuti linachokera kwa amuna awo a agogowo, amene anamwalira kalekale ndipo aliyense amawakumbukira ngati munthu wabwino.

Agogo aja anamwalira dzina loipalo lisanawachoke. Womwalira wachitatu uja anasiya mwana wamkazi, pano ali Fomu 3. M'kabuku kake ka kuchipatala mwalembedwa malungo kawiri ndi bala la njinga. Za mayi ake, za agogo ake ndi za mng'ono wa agogo akewo mulibemo.